Dzina la Goloboyi pa Bokosi

Bokosilo linafika Lachiwiri m'mawa, ophunzira awiri atalinyamula ngati thireyi ya makapu. Linali bokosi la maliro, la pulayiwudi, lopakidwa utoto wakuda. Poti m'maofesi a pamwamba munalibe malo, bambo Dougie, mlonda wa pa koleji, anati aliike m'chipinda chapansi momwe Nelia Namakhwa ankagwirira ntchito.

"Pepani mayi," anatero bambo Dougie akulikankhira kukhoma. "Mpaka Loweruka basi. Ndilifunditsa nsalu kuti lisamakuyang'aneni."

Analifunditsadi katani yakale, n'kukokera bwino m'makona.

Nelia anali atagwira ntchito zaka zinayi pa koleji ya ku Hillhead imeneyi, kuno kudziko la azungu. Ntchito yake inali yojambula zithunzi ndi mapepala akale n'kuzisunga pa kompyuta. Mwezi wonsewo ankajambula za mpira zokhazokha, chifukwa Loweruka la sabata imeneyo pankakwana zaka 140 chiyambireni kolejiyo kusewera ndi koleji ina ya kufupi ndi Gorbals. A ku Hillhead anthu ankangowatchula kuti Akumtunda, a ku Gorbals Akumtsinje.

Cha m'ma teni Janet, mkulu wake pantchito, anatsika ndi tiyi. Masiku onse ankavundikira kapu ya Nelia ndi sosala kuti isazizire pa masitepe.

"Walionatu," anatero Janet akuloza kataniyo ndi chibwano. "Ana awa afukula mwambo wa agogo awo. Mpira woyamba unali mu 1885, ndipo unathera m'zibakera. Chaka chotsatira opambana anabwereka bokosi kwa kalipentala wina, n'kulemba dzina la goloboyi wa ogonja. Analinyamula kuchokera pa bwalo mpaka ku ngalande yaikulu ya ku Maryhill, ija munkadutsa maboti a malasha, akuimba ngati ali pamaliro. Atafika analiponya m'madzi. Anachita zimenezo chaka ndi chaka mpaka apolisi anatopa nazo mu 1931."

"Nanga goloboyiyo?"

"Ankayenda pambuyo pa bokosi lake, chipewa chili m'manja. Ankati ndi ulemu."

Janet atakwera, Nelia anakweza kona ya katani. Pamwamba pa bokosilo panali timatabwa tiwiri tolembedwa ndi utoto woyera, kamodzi ka timu iliyonse, kudikira kuti adzagonje ndani. Koyamba kanali ndi dzina la goloboyi wa Akumtunda, mnyamata wina wa ku Perth. Kachiwiri kanali ndi dzina la mlongo wake wamng'ono, Clifton Namakhwa, yemwe ankaphunzira za uinjiniya kwa Akumtsinje n'kumawagwirira pagolo. Pansi pa dzinalo panali chaka chake chobadwa, kamzere, kenako chaka chino.

Anagwira chigwiriro cha bokosilo ndi dzanja limodzi. Linadzuka mosavuta. Munalibe kanthu.

Anabwerera pa mpando wake, n'kupemphera pang'ono maso ali otsegula, kenako anapitiriza ntchito.

Masana a tsikulo anafika pa zithunzi za maliro abodzawo. Zinali zambiri, zofiirira, zina zodyedwa m'mbali. Anyamata a ndevu za pamlomo, zipewa zazitali, chikhamu cha anthu m'mbali mwa msewu, mahatchi. Nelia anakulira ku Mulanje m'banja la mkulu wa mpingo, ndipo maliro anawaona ochuluka. Ankadziwa mmene phewa la mwamuna limagwera likasenza mtembo, ndi mmene khosi limapendekera. M'zithunzi zonsezo mapewa anali ogwa. Anyamatawo ankaseka, koma ankasenza chinthu cholemera.

Chithunzi cha 1897 chokha ndicho chinali chosiyana. Anyamata asanu ndi mmodzi anali atakweza bokosi pamwamba pa mitu yawo ndi nsonga za zala. Dzina linkawerengeka bwino: Alasdair Rennie. Pambuyo pawo pankayenera kukhala mwini dzinayo, koma pamalopo panali chimtambo chotuwa, ngati munthu anasuntha wojambula asanamalize.

Anatenga buku la mlembi wa timu la zaka zimenezo. Chaka chilichonse, sabata ya mpirawo, panali mzere umodzi wofanana: chipika cha m'bokosi, kuchokera kwa Macaskill, wosamalira bwalo. Pena mlembi anawonjezera kuti nkhalambayi, yochokera kuzilumba, ikukana kutsegula geti ngati bokosi lili lopanda kanthu. Mu 1897 analemba kuti Macaskill akudwala, chipika palibe. Masamba atatu kutsogolo panali mawu ena: Akumtsinje atidziwitsa kuti Rennie sanabwerere pambuyo pa tchuthi cha Isitala, makolo ake alemba kalata kufunsa ngati ali kuno.

Anamuonetsa Janet tsambalo.

"Anthu ankasowa masiku amenewo, Nelia. Sitima zapamadzi zopita ku Canada zinkanyamuka sabata iliyonse pamtsinje pompa. Mwina anafera ku Toronto ali ndi zidzukulu makumi awiri." Janet anayang'ana nkhope ya Nelia, n'kuchepetsa mawu. "Ngati ukufuna, chithunzi chimenechi ndijambula ndine."

Lachitatu ataweruka, Nelia anakwera sitima yodutsa pansi pa nthaka kupita ku Gorbals. Anapeza Clifton akuchapa magolovesi ake m'sinki. Anamulandira chikwama, n'kumukokera mpando pafupi ndi hita, ngati mmene ankachitira nthawi zonse.

"Ndaliona dzina lako," anatero Nelia.

"Alilemba bwino? Azungu awa amaiwala h."

"Clifton, alemba ndi chaka chomwe."

"Ndiye ndisagoletsetu, eti? Mukhale mukupemphera, achemwali, inu mzere wanu ndi Kumwamba sumavuta netiweki."

"Uwauze achotse. Kapena udwale Loweruka."

Clifton anafinya golovesi n'kuseka. "Mayi wa Mvano wathunthu, wa yunifolomu yosita, kuopa pulayiwudi? Abusa akamva akuchotsani pa mndandanda wa alaliki."

"M'bokosimo mulibe kanthu."

"Ndiye zabwino zimenezo. Mumafuna mukhale ndani?"

Clifton anapukuta manja, n'kukhala pansi pafupi naye.

"Achemwali, chiyambireni 1885 sipanakhale goloboyi wakuda pa mpira umenewu. Ndine woyamba. Ndikati chotsani dzina langa ine ndimaopa ufiti, mawa lino nkhani ili ponseponse. Ndi masewera. Tikatha timakamwa tonse."

"Amayi akaona chithunzi chake pa foni?"

"Musawatumizire."

Anamuperekeza mpaka pa siteshoni, ali ndi ambulera m'manja, iye akunyowa phewa limodzi.

Lachinayi Nelia anakaonana ndi Carol, mtsikana wophunzira zamalamulo yemwe ankatsogolera komiti ya chikondwererocho. Carol anamvetsera mwaulemu, ndipo analemba zina m'kabuku. Dzina sakanalichotsa popanda mwini wake kupempha. Za chipika anati n'zosatheka, chifukwa pa chilolezo cha ndawalayo analemba kuti bokosi lidzakhala lopepuka, kuti munthu asavulale msana.

"Komanso sitiliponya m'madzi, musadandaule," anatero Carol akumwetulira. "Masiku ano n'koletsedwa. Tikafika pa mlatho titembenuka, n'kubwera nalo konkuno."

"Mubwera nalo?"

"Inde. Tidzaligwiritsanso ntchito chaka chamawa."

Nelia anathokoza n'kutuluka. Pa masitepe anaima kaye atagwira chitsulo. Kwawo bokosi likatuluka pakhomo silibwerera, ndipo silituluka lopanda kanthu, chifukwa limakasaka lokha woti alowemo. Sanali kudziwa ngati ankakhulupirira zimenezi. Ankangodziwa kuti sanaonepo munthu akuziyesa.

Madzulo a tsikulo anawerenga salimo lake, n'kupempha Mulungu amuchotsere mantha ngati anali achabe. M'mawa anadzuka nawo. Anadzukanso akukumbukira malume ake a Flywell, omwe anakokoloka ndi madzi a Thuchila iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mtembo sunapezeke. Patatha sabata ziwiri akuluakulu anadula thunthu la nthochi, analisambitsa, analikulunga nsalu n'kuligoneka m'bokosi, kuti bokosi lisapite kumanda lopanda kanthu. Iye anaonera zonse pa zenera la khitchini.

Lachisanu pa nthawi ya nkhomaliro anayenda wapansi kupita ku nyumba yagalasi ya m'munda wa zomera, komwe ankakonda kukhala m'miyezi yozizira chifukwa mpweya wake unkanunkhira ngati kwawo mvula ikangokata. Kuseri kwa nthochi anapeza bambo wina wa ovolosi yobiriwira akudula masamba ouma.

"Pepani bambo. Nthochi ikabereka mumaidula?"

"Timadula. Ina ndagwetsa dzulo, ili kuseri uko ikudikira kompositi."

"Mungandipatseko thunthu lake?"

Bamboyo anamuyang'ana. Sanafunse kanthu. Anadula chidutswa chachitali kufika m'chiuno mwa munthu, anachiika m'thumba la manyowa, n'kuchikweza pa wilibala mpaka pa geti.

"N'cholemeratu ichi, ndi madzi okhaokha," anatero. "Gwirani pansi, osati pakamwa pa thumba."

Loweruka m'mawa Nelia anafika ku ntchito nyumba isanadzaze. Anatseka chitseko cha chipinda chake. Anatulutsa thunthulo kuseri kwa mashelefu komwe analibisa dzulo lake, n'kulipukuta ndi madzi ofunda. Linali losalala ndi lozizira. Analikulunga m'chitenje chake cha buluu. Ankaopa kudumpha kanthu kalikonse, choncho anatsatira zonse mmene anazionera ali mwana, mwadongosolo lake. Mutu kumtunda kwa bokosi. Nsalu yopinda katatu. Pomaliza, pa maliro a malume aja, mkulu mmodzi anawerama n'kuitana dzina, ndipo iyenso anawerama.

"Clifton, gona pano," ananong'ona.

Anatseka chivundikiro, anakoloweka tizitsulo take tinayi, n'kubwezeretsa katani. Mtima wake unakhala pansi koyamba sabata yonseyo.

Mpira unayamba 1 koloko, kukuwaza kamvula kosalekeza. Nelia anaima kuseri kwa golo la Akumtsinje pakati pa anthu osawadziwa. Mayi wina anamusunthira kuti aponde pa thabwa m'malo mwa matope. Clifton anagwira bwino. Kawiri konse anauluka n'kuchotsa mpira womwe anthu anali atauwerengera kale. Kutatsala mphindi khumi, mpira wofooka unagubuduka kuchokera patali, wopita m'manja mwake mwenimweni. Anagwada kuti autole. Unadutsa pakati pa magolovesi ake ngati panalibe munthu.

Mpira unatha choncho, chimodzi kwa duu.

Akumtunda anathamangira m'bwalo, ena atavala zipewa zazitali ndi majasi akuda obwereka. Anatulutsa bokosi m'galimoto, ndipo Carol anakoloweka kathabwa ka Clifton kutsogolo kwake. Anyamata asanu ndi mmodzi anawerama kuti alinyamule, n'kuyang'anana.

"Mwaikamo chiyani umu, njerwa?"

"Lanyowa chabe. Tiyeni, apolisi atipatsa ola limodzi."

Ndawala inatuluka pa geti kulowera ku Maryhill. Kutsogolo kunali wa ng'oma, kenako bokosi, kenako Clifton yekha, kapusi ili m'manja monga mwa mwambo, ndipo pambuyo chikhamu cha anthu mazana angapo. Nelia ankayenda m'mbali mwa msewu. Ankayembekezera phokoso, koma komitiyo inali itawerenga mabuku akale bwino. Ankayenda pang'onopang'ono, phazi limodzi, kuima, phazi lina. Kenako anayamba kuimba.

Mawu ake anali achipongwe, onena za goloboyi wa manja oterera ngati batala. Koma maimbidwe ake Nelia anawadziwa pa mzere woyamba. Inali nyimbo ija ankaimba kwawo potuluka m'tchalitchi kupita kumanda, yomwe inabwera ndi amishoni kuchokera kunoko kalekale. Anazindikira kuti milomo yake ikuyenda, ikutchula mawu a Chichewa. Anatseka pakamwa ndi dzanja.

M'mawindo a nyumba zosanja anthu ankasuzumira. Pa khomo la shopu ina nkhalamba ina inavula chipewa n'kuweramitsa mutu, osadziwa kuti ndi masewera.

Nelia anayang'ana mlongo wake. Potuluka pa geti Clifton ankaseka, akugwedeza kapusi kwa anzake. Tsopano ankangoyenda, maso ali pa bokosi. Anthu a pambuyo anali atayamba kumupitirira. Sankamukankha ndipo sankamulankhula. Ankangopatuka pomufika n'kukumananso kutsogolo kwake, ngati mmene madzi amachitira ndi mwala. Mnzake wa m'timu, wovala yunifolomu yofanana naye, anadutsa pambali pake penipeni akufunsa anthu kuti, "Mwamuona Clifton? Akuyenera kukhala pambuyo pa bokosi."

"Clifton," anaitana Nelia.

Sanatembenuke. Panali mapazi khumi okha pakati pawo.

"Clifton. Achimwene."

Anapitiriza kuyenda, phazi limodzi, kuima, phazi lina.

Pamenepo anakumbukira zimene zinatsatira pa tsiku la malume ake, zomwe sanazione pa zenera koma anazimva ali pa khonde. Akazi awo a malume anafunsa akulira kuti nanga bamboo akadzatulukira, poti mtembo sunaoneke? Mkulu uja anayankha mofatsa kuti, "Mayi, nthochi sitiikira munthu woti abweranso. Tikaitchula dzina ndiye kuti tatseka. Ngakhale atadzafika pakhomo pano, si wathunso."

Chipika cha Macaskill chinali chipika chabe. Palibe pomwe mlembi analemba kuti nkhalambayo inkachiitana dzina.

Mlatho wa pa ngalande unali utayamba kuoneka. Nelia anatsika m'msewu, anathamanga kupitirira onyamula aja, n'kuima kutsogolo kwa wa ng'oma manja atatambasula. Ng'oma inaleka. Nyimbo inapitirira pang'ono kumbuyo, kenako inazima mzere ndi mzere.

"Tsitsani," anatero.

"Mayi, chonde, tili ndi chilolezo," anatero Carol akubwera. Kenako anamuzindikira. "Mayi Namakhwa? Muli bwino?"

"Tsitsani bokosi. Muli katundu wanga."

Anyamatawo sanadikire kuuzidwa kawiri. Analiika pa phula, wina akudzisisita phewa. Nelia anagwada m'madzi a mvula, anamasula tizitsulo tija, n'kukweza chivundikiro. Amene anali pafupi anaona chinthu chachitali chokulungidwa m'nsalu ya buluu, ndipo anabwerera m'mbuyo. Mtsikana wina anagwira mkono wa mnzake. Panalibe woseka.

Anamasula chitenjecho pindo ndi pindo mpaka thunthu linaonekera, lobiriwira motuwa, likuchucha madzi podulidwa paja. Anachikoka chonse n'kuchikoleka paphewa pake. Anaika dzanja pa thunthulo, n'kulankhula m'Chichewa, momveka, ngati akuuza munthu wogontha.

"Iwe ndiwe nthochi. Unamera m'nyumba yagalasi, unabereka, anakudula Lachinayi. Ulibe dzina. Ulibe mayi ku Mulanje. Ulibe mlongo. Ine ndinalakwitsa."

Anatseka maso. "Ambuye, mwaona zimene ndachita. Ndikhululukireni, ndipo mundibwezere mwana wa amayi anga."

Anatseka chivundikiro thunthu lili momwemo. Kenako anakolola kathabwa ka dzina kutsogolo kwa bokosi n'kukapanira kukhwapa, zolemba zitayang'ana kwa iye.

"Kameneko ndi ka komiti," anatero Carol, koma mawu ake anali otsika.

"M'bale wanga ali moyo."

Carol anayang'ana bokosi, anayang'ana Nelia, n'kugwedeza mutu kwa anyamata aja. Ananyamulanso. Ng'oma inayamba mokayika, ndipo chikhamu chinadutsa mbali zonse ziwiri za Nelia kulowera ku mlatho, ena akumuyang'ana, ambiri akuyang'ana pansi.

Msewu utayera, Clifton anali ataima pakati pake yekha, kapusi ikadali m'manja. Nelia anapita n'kumugwira pamkono. Unali wozizira kuposa mvula.

"Clifton."

Maso ake anayenda pang'onopang'ono mpaka anamupeza.

"Clifton Namakhwa, mwana wa a Hamilton, ndikukuitana. Vomera."

Milomo yake inagwedera kaye.

"Wawa," anatero.

Nelia anamukokera pa malo odikirira basi n'kumukhazika pa benchi. Anamufunditsa chitenje chija, kenako anachichotsanso msanga, n'kumufunditsa jasi lake. Kutali nyimbo ija inali itayambiranso.

"Ndimakumvani," anatero Clifton pomaliza. "Muja mumaitana. Koma zimamveka ngati muli kutsidya kwa mtsinje wodzaza. Ndimati ndiyankhe ndikafika."

"Ukafika kuti?"

Clifton anaganiza. "Sindikudziwa, achemwali."

Nelia anatembenuza kathabwa kaja n'kukaika pa maondo. Kukataya m'bini sakanatha, kukatentha sakanatha, ndipo kukalowa nako m'nyumba kali choncho sakanathanso. Anatulutsa kiyi wa pakhomo pake n'kuyamba kupala chaka chachiwiricho. Utoto unali wouma bwino, ndipo thabwalo linkaterera pa siketi yake yonyowa.

Clifton anatambasula manja n'kuligwira m'mbali zonse ziwiri.

Basi yoyamba inaima. Dalaivala anatsegula chitseko, anawadikira pang'ono, n'kutseka. Manambala awiri oyamba anachoka, kenako yachitatu. Tizidutswa toyera tinkagwera pa nsapato za mpira za Clifton. Dzanja la Nelia linayamba kuwawa, ndipo anaima kuti apume.

"Musaime," anatero Clifton. "Yatsala imodzi."